Anakafuna chithandizo, anabwerako ndi mabala: nkhondo yolimbirana mafayilo a kuchipatala

M'chaka cha 1957, mayi wa zaka 33, dzina lake Jean Steel, anagonekedwa pachipatala cha matenda a maganizo cha Allan Memorial Institute mumzinda wa Montreal ku Canada. Anali atakhala wokhumudwa kwa nthawi yaitali, ndipo achibale ake anamva kuti pachipatalapo pali dokotala wotchuka dziko lonse lapansi. Mwana wake wamkazi, Alison, anali ndi zaka zinayi. Mayi amene anabwerera kunyumba sanalinso yemwe uja. Ankatha kukhala duu mumdima kwa maola ambiri, nthawi zina n'kumalemba manambala pakhoma. Mwanayo anakula akudziwa kuti kuchipatala kuja kunachitika chinachake, koma chenichenicho sankachidziwa, ndipo mwiniwake sakanatha kufotokoza.

Yankho linali m'mapepala. Patadutsa zaka makumi angapo, mayi ake atamwalira kale, Alison anapeza zikalata za chithandizocho. Zinasonyeza kuti mayiyo anagonetsedwa tulo ta mankhwala masiku 18 otsatizana, ulendo wina masiku 29. Anamudutsitsa magetsi m'mutu kambirimbiri, anamupatsa mankhwala oyeserera, ndipo ankamumvetsa mawu amodzimodzi a patepi usana ndi usiku. Mu 2017 boma la Canada linapatsa Alison chipukutamisozi cha madola 100,000 a dzikolo, koma linamusainitsa kuti asaulule zomwe agwirizana. Atolankhani a wayilesi ya CBC ndiwo anafukula nkhaniyo.

Dokotala wotchuka uja anali Ewen Cameron, wobadwira ku Scotland, yemwe anatsogolera chipatalacho kuyambira 1943 mpaka 1964. Sanali munthu wamba. Anakhalapo pulezidenti wa bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, kenako wa bungwe la ku Canada, ndipo mu 1961 anasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba wa bungwe lawo la dziko lonse. Mfundo yake inali yakuti maganizo odwala angathe kufafanizidwa onse, munthu n'kumulembamo ena atsopano. Kufafanizako ankachita ndi tulo ta mankhwala, mankhwala ozunguza bongo a LSD ndi magetsi amphamvu kuposa muyezo wa nthawiyo. Kulembako ankachita ndi matepi: mawu ochepa obwerezedwa maola oposa khumi patsiku, kudzera m'mahedifoni kapena m'kasipika koikidwa pansi pa pilo. Kufafaniza kunkatheka ndithu. Odwala ena anaiwala mayina a ana awo, ena anayamba kudzikodzera ngati makanda, ena anachita kuphunziranso kuwerenga. Kulembamo zatsopano ndiye kunakanika.

Cameron anamwalira mu 1967 akukwera phiri, asanayankhepo mlandu uliwonse. Ndipo nkhani yake ikanatha kukwiririka. Zina mwa ndalama za ntchito yake zinkachokera ku CIA, bungwe la akazitape la America, pansi pa pulogalamu yachinsinsi ya MKUltra. Mu 1973 mkulu wa bungwelo, Richard Helms, analamula kuti mafayilo onse a pulogalamuyo awonongedwe. Anawawonongadi. Koma mabokosi ena a mapepala a zachuma anali atasungidwa kwina, ndipo owononga aja sanawaone. Mu 1977, wolemba mabuku John Marks atapempha zikalata pogwiritsa ntchito lamulo la ufulu wopeza nkhani za boma, masamba pafupifupi 20,000 anatulukira. Malisiti ndi mavocha ndiwo anaulula zimene odwala okha sakanakhulupiriridwa.

Odwala asanu ndi anayi, mmodzi mwa iwo Velma Orlikow, mkazi wa phungu wa nyumba ya malamulo ya Canada, anasumira CIA ndipo mu 1988 bungwelo linavomera kulipira madola 750,000 a ku America. Mu 1992 boma la Canada linapereka madola 100,000 kwa munthu aliyense mwa odwala 77. Ena oposa 200 anabwezedwa chimanjamanja, ati sanawonongeke mokwanira: boma linkafuna umboni wakuti munthuyo anafika pokhala ngati khanda. Umboni wotero ukanachoka kuti? M'fayilo imene analemba ndi anthu omwewo amene anamuvulaza.

Kalata ya mnyamata wa ku Niue

Ku New Zealand, chipatala cha boma cha Lake Alice chinali ndi wodi ya ana ndi achinyamata kuyambira 1972 mpaka 1978, motsogozedwa ndi Dokotala Selwyn Leeks. Ana mazana angapo anadutsamo, ambiri a iwo asakudwala matenda a maganizo n'komwe. Anali ana ovuta kusukulu kapena ochokera m'nyumba zolereramo ana za boma. Mwana akathawa, akanyowetsa pabedi kapena akayankha mwano, ankamuwomba ndi magetsi popanda mankhwala ogonetsa, nthawi zina m'miyendo kapena kumaliseche. Ena ankabayidwa jakisoni wa paraldehyde, wopweteka kwambiri moti mwana ankalephera kuyenda.

Mmodzi wa anawo anali Hake Halo, wochokera pachilumba cha Niue, amene analowa m'wodiyo mu 1975 ali ndi zaka 13. Makalata opita kwa makolo ankayenera kulembedwa m'Chingerezi, ndipo ogwira ntchito ankawawerenga asanawatumize. Mnyamatayu anapeza nzeru. Kumapeto kwa kalata ankajambula kamunthu komwetulira, ndipo m'kabwalo kotuluka pakamwa pa kamunthuko ankalembamo mawu a chiyankhulo cha kwawo, kuuza achibale kuti akumuwomba ndi magetsi ndipo akumva ululu woopsa. Anamwino ankangoona chithunzi cha mwana wosangalala, kalata n'kudutsa.

Nkhani yake inafika kwa anthu omenyera ufulu ku Auckland, ndipo mu 1977 kunachitika kafukufuku wa woweruza milandu. Kafukufukuyo sanapeze Leeks wolakwa. Mawu a dokotala analemera kuposa a mwana wa pachilumba. Leeks anasamukira ku Australia n'kukapitiriza ntchito yake.

Mu 2001 boma linapepesa ndi kulipira gulu loyamba la anthu 95 ndalama zokwana madola 6.5 miliyoni a dzikolo, koma palibe amene anazengedwa mlandu. Zinatengera Paul Zentveld, mmodzi wa ana aja, kukadandaula ku komiti ya United Nations yoona za kuzunza anthu, imene chakumapeto kwa 2019 inagamula kuti New Zealand sinafufuze nkhaniyo moyenera. Mu 2021 apolisi anapepesa chifukwa cha kafukufuku wawo wosalongosoka, kenako ananena kuti umboni wozengera Leeks mlandu ulipo koma mwiniwake anali atadwalika. Anamwalira mu Januwale 2022. Boma linavomereza mu Julaye 2024 kuti zimene zinkachitika ku Lake Alice kunali kuzunza anthu, ndipo pa 12 Novembala chaka chomwecho nduna yaikulu Christopher Luxon anapepesa m'nyumba ya malamulo. Apa n'kuti ana aja ali agogo, ena ali kumanda.

Nako ku Sydney ku Australia, pachipatala cha Chelmsford, odwala 24 anafa ndi chithandizo cha tulo ta mankhwala cha Dokotala Harry Bailey pakati pa 1963 ndi 1979. Zinaululika mwa zina chifukwa namwino wina, Rosa Nicholson, ankakopera mafayilo mobisa n'kumawatulutsa kunja.

Chenjezo n'lofunika pano. Chithandizo cha magetsi, chotchedwa ECT, chikamaperekedwa masiku ano wodwala atagonetsedwa, pamuyezo woyenera ndiponso iye atavomera, ndi chovomerezeka ndipo chimathandiza anthu ena odwala kwambiri. Za ku Montreal ndi ku Lake Alice zinali nkhanza zovala yunifolomu.

Kuvulala kosatuluka m'nyuzipepala

Nkhani zoterezi zingapangitse munthu kuganiza kuti chithandizo chimavulaza pokhapokha pali magetsi ndi majakisoni. Ayi ndithu. Ambiri amavulalira m'kachipinda kabwinobwino, muli mipando iwiri ndi bokosi la tishu, palibe wokhudza mnzake.

Mu 2016 magazini ya British Journal of Psychiatry inafalitsa kafukufuku wa Mike Crawford ndi anzake, amene anafunsa anthu 14,587 olandira uphungu wa za maganizo ku England ndi Wales. Anthu 763, kutanthauza mmodzi mwa anthu 20 alionse, anati uphunguwo unawasiyira mavuto okhalitsa. Anthu a mitundu yochepa m'dzikolo, monga akuda ndi amwenye, ankanena zimenezi kawirikawiri kuposa azungu. Chimodzimodzinso anthu amene sankadziwa kuti akulandira uphungu wamtundu wanji. Amene anafotokozeredwa bwino asanayambe sankadandaula kwambiri.

Kuvulalako kumabwera mosiyanasiyana. Wina amamukakamiza kufotokoza za kugwiriridwa kwake mwatsatanetsatane asanakonzeke, ola likakwana n'kumutsanzika, iye akunjenjemera. Wina amamuuza kuti mavuto ake onse gwero lake ndi makolo, mpaka amadana ndi abale ake onse n'kutsala akudalira mlangizi yekhayo. Wina amamusiya mwadzidzidzi atamuzoloweza kwa zaka. Wina amanyengereredwa kuti akumbukire zinthu zimene sizinachitike; mu 1994 khothi la ku California linapatsa Gary Ramona madola 500,000 litapeza kuti alangizi analimbikitsa mwana wake wamkazi kukhulupirira kuti bambo akewo anamugwiririra. Ndipo pali ena amene mlangizi amawafunsira chibwenzi kapena kugona nawo, zimene malamulo a ntchitoyi amaletseratu, ngakhale wodwalayo atavomera.

Chovuta kwambiri n'chakuti opereka chithandizo nthawi zambiri saona kuti munthu akuipiraipira. Pakafukufuku wina wofalitsidwa mu 2005 ndi Corinne Hannan, Michael Lambert ndi anzawo ku America, alangizi anapemphedwa kulozeratu odwala amene zinthu ziwaipire. Mwa odwala 550, analoza atatu. Amene zinawaipiradi anali 40, ndipo mwa atatu aja mmodzi yekha ndiye anali m'gulumo. Tsono ngati mlangizi sakuona kuti munthu akumira, m'fayilo alembamo chiyani? Alemba kuti wodwala sakugwirizana ndi chithandizo, kapena kuti matenda ake ndi ovuta. Munthu akadandaula, dandaulo lomwelo limalembedwa ngati chizindikiro cha matenda. Ndi msampha umene odwala matenda ena sakumana nawo: wothyoka mwendo akati pulasitala ikumupweteka, palibe amene amati ndi misala.

N'chifukwa chake ambiri amatha zaka akudziimba okha mlandu. Amati mwina ndine wovuta, mwina sindinayesetse. Ena amalumbira kuti sadzapondanso kwa mlangizi aliyense, chonsecho vuto limene linawapititsa kumeneko likadalipo, lawonjezekanso.

Fayilo ndi ya ndani?

Kwa nthawi yaitali madokotala ankaiona fayilo ngati katundu wawo. Mu 1992 khothi lalikulu la Canada, pamlandu wa McInerney ndi MacDonald, linagamula kuti mapepalawo ndi a dokotala koma nkhani zolembedwamo ndi za wodwala, choncho ali ndi ufulu woziona. Khothi lalikulu la Australia linagamula mosiyana mu 1996 pamlandu wa Breen ndi Williams, moti zinatengera aphungu kukonza malamulo.

Ku Britain, kumene kuli Amalawi ambiri, munthu amangolemba kalata kapena imelo yopempha zonse zolembedwa zokhudza iye, kaya ndi kuchipatala cha boma (NHS) kapena kwa mlangizi woyima payekha. Safunika kupereka chifukwa, salipira, ndipo yankho liyenera kubwera pasanathe mwezi umodzi, ngakhale kuti amaloledwa kuwonjezera miyezi iwiri pempholo likakhala lalikulu. Angathe kubisa mbali zokhudza anthu ena, kapena zimene dokotala waona kuti zingavulaze kwambiri wopemphayo. Mpata wachiwiriwu ndi umene umazunguza anthu, chifukwa amene akudandaulidwa angathe kubisalamo. Wokanizidwa amakadandaula ku ofesi ya Information Commissioner. M'dziko lomwelo muli chinthu china chodabwitsa: lamulo silitchinjiriza dzina la mlangizi, moti aliyense angathe kukhoma chikwangwani n'kuyamba kulandira anthu. Ngati sali membala wa bungwe la alangizi monga BACP, palibe komiti ya mwambo imene ingamuitane.

Ku America lamulo la HIPAA limapereka masiku 30, koma lili ndi kakhomo kakumbuyo. Manotsi amene mlangizi amalemba pa zokambirana, akawasunga padera ndi fayilo yaikulu, wodwala alibe ufulu wowaona pansi pa lamulolo. Nthawi zambiri m'menemo ndi mmene muli zimene munthu wovulazidwa akufuna.

Ku South Africa pempho limadzera m'lamulo la PAIA la mu 2000, ndipo yankho liyenera kubwera m'masiku 30. Osunga fayilo akaopa kuti ingamusokoneze munthu, lamulo limawalola kufunsa kaye dokotala amene wopemphayo wasankha yekha, ndi kuonetsetsa kuti pali womulangiza powerenga. Njira imeneyi ndi yabwinoko kuposa kungokana.

Kuno kwathu zinthu zili mwina. Wodwala amayenda ndi buku lake la kuchipatala, ndipo zimene adokotala alemba amapita nazo kunyumba. Ndi mwayi umene anthu a mayiko ena anachita kuumenyera m'makhothi. Koma m'bukumo mumalowa mizere yochepa: tsiku, matenda, mankhwala. Munthu akagonekedwa, kaya ndi ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God kapena pachipatala cha boma, fayilo ya kuwodi imatsala komweko. Lamulo la ufulu wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndi lamulo loteteza nkhani za munthu la mu 2024, amapereka poyambira kwa wofuna kuona zolembedwa zokhudza iye. Madandaulo okhudza madokotala amapita ku Medical Council of Malawi, okhudza anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mpata waukulu uli pa uphungu wambiri umene umachitikira kutchalitchi ndi m'timabungwe ting'onoting'ono, kumene kawirikawiri sikulembedwa kalikonse.

Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mapepala ali ndi tsiku lake. Ku England mafayilo a matenda a maganizo a NHS amasungidwa zaka 20 kuchokera pamene munthu anaonedwa komaliza. Alangizi oyima paokha ambiri amasunga zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri basi, kenako n'kuwononga. Ku South Africa muyezo wamba ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nayo nthawi yodandaulira ndi yochepa: ku NHS ndi miyezi 12. Vuto n'lakuti munthu wovulazidwa amatenga zaka kuti azindikire chimene chinamuchitikira, zinanso kuti alimbe mtima. Choncho ndi nzeru kupempha fayilo msanga, ngakhale usanakonzeke kuiwerenga. Envulopu ingathe kukhala m'sutikesi yosatsegulidwa mpaka tsiku limene mwiniwake wafuna.

Kalata yopemphera iyenera kutchula zonse, osangoti mbiri ya chithandizo: manotsi a tsiku lililonse lokumana, makalata opita kwa madokotala ena, maimelo otchula dzina la wodwala, zojambulidwa pa tepi kapena vidiyo ngati zilipo, ndi zolemba za anamwino. Za anamwinozi zimanena zambiri, chifukwa iwo amalemba zimene aona usiku ndi m'mawa, osati zimene dokotala amafuna zioneke. Ndi bwinonso kupempha kuti akachotsa masamba ena anene kuti achotsa, ndi chifukwa chake. Mlangizi akakhala kuti anapuma kapena anamwalira, makalata ake amapezeka m'fayilo ya dokotala amene anatumiza wodwalayo kwa iye.

Tsiku lotsegula envulopu

Amene anadutsamo amachenjeza kuti kuwerenga kumapweteka. Munthu amapeza moyo wake utafupikitsidwa m'zilembo zodula za chidokotala. Tsiku limene analira mpaka kulephera kuyenda lalembedwa mzere umodzi. Amapeza dzina la matenda limene sanauzidwepo, koma lakhala likumutsatira chipatala chilichonse. Mawu amene ananena mwachinsinsi awapotoza. Ndipo chinthu chimene chinamuvulaza kwenikweni, mawu achipongwe aja kapena dzanja lija, mulibemo. Amene anachita sakanadzilemba yekha.

Pachifukwa chimenechi ndi bwino kuyamba walemba nkhani yako wekha usanatsegule fayilo, ndi masiku amene ukukumbukira, mauthenga a pafoni, malisiti, ndi mayina a anthu amene unawauza nthawiyo. Ukayamba ndi fayilo, mawu ake olembedwa mwaukatswiri amatha kuphimba zimene ukudziwa, n'kuyamba kudzikayikira. Kuwerenga kwake kukhale kwapang'onopang'ono, masana, pali munthu wodalirika pafupi. Kusapezeka kwa chinthu m'fayilo sikutanthauza kuti sichinachitike. Nthawi zina mipata yomweyo ndi umboni: miyezi imene malisiti akusonyeza kuti munkakumana koma manotsi palibe, kapena masamba ooneka kuti analembedwa onse tsiku limodzi.

Si onse amene amafuna kudandaula kapena kusuma, ndipo palibe chowakakamiza. Milandu imatenga zaka, maloya a mbali inayo amafukula mbiri yonse ya matenda a wodandaula, ndipo chigamulo chingathe kumukhumudwitsanso. Ena amangofuna kudziwa kuti anamwa mankhwala anji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo analamula ndani. Ena chimawathandiza n'kukumana ndi anzawo amene anaona zofanana. Ku Montreal ana ndi adzukulu a odwala a Cameron anapanga gulu lawo, ndipo ambiri anayamba kumvetsa makolo awo atamva nkhani za mabanja ena. Wofuna kuyesanso uphungu ali ndi ufulu wofunsa mlangizi watsopano tsiku loyamba lomwelo: munaphunzira kuti, muli m'bungwe liti, njira yanu ndi yotani, kuipa kwake n'kotani, manotsi mumasunga bwanji, nanga ndikafuna kusiya zimatha bwanji? Mlangizi amene wakwiya ndi mafunso amenewa, kapena amene akuthamangira kuikira kumbuyo mnzake wakale asanamve nkhani yonse, ndi wosayenera kubwererako.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Zolakwika zenizeni, monga tsiku lobadwa, dzina la mankhwala kapena nkhani ya munthu wina imene yalowa m'fayilo molakwika, munthu angapemphe kuti zikonzedwe. Maganizo a dokotala ndiye safufutika, chifukwa lamulo limawaona ngati umboni wa zimene iye ankaganiza panthawiyo. Koma ku Britain wodwala angapemphe kuti pamalopo paikidwe mawu osonyeza kuti akutsutsa, ndipo ku America chipatala chikakana kusintha, lamulo limachikakamiza kulandira kalata yake yotsutsa ndi kuiphatikiza ku fayiloyo, kuti mbali yotsutsidwayo ikamatumizidwa kwa dokotala wina, kalata ya wodwalayo izipita nayo limodzi.